Sudziona ngati mwamuna kapena mkazi koma ukufuna kuyima pa uphungu mu 2030? Yambira apa

Sabata yatha tili pachiwaya ku 25 kudikira tchipisi, mwana wina amene ndamudziwa kuyambira ali ku sekondale anandikokera pambali n'kunena kuti "ankolo, 2030 ine ndikuyima pa uphungu, mundithandiza?" Mwanayu ndi non-binary, kutanthauza kuti sadziona ngati mwamuna komanso sadziona ngati mkazi, ndipo kwa zaka zingapo tsopano wakhala akuthamangathamanga ndi nkhani za maufulu a anthu muno mu Lilongwe. Ine ndathandizapo makampeni awiri a uphungu, ndagonapo pa senta ndi tochi kudikira mavoti, ndiye ndinamuyankha pang'ono pompo koma zambiri ndinazisunga poti anthu anali thithithi. Zotsalazo ndi izi, ndikulembera iweyo komanso wina aliyense amene ali ngati iwe.

Choyamba dziwa kuti palibe lamulo limene likukuletsa kuyima. Gawo 51 la malamulo aakulu a dziko lino limafuna kuti ukhale nzika ya Malawi, ukhale utakwanitsa zaka 21, uzitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti uzitsata zokambirana mu Nyumba ya Malamulo, komanso dzina lako likhale mu kaundula wa voti. Basi. Palibe pamene analemba za siketi kapena thalauza. Zokulepheretsa zilipo koma ndi za aliyense, monga ngati ukugwira ntchito m'boma uyenera kuyamba watula pansi udindo, komanso ngati m'zaka 7 zapitazi khothi linakupeza wolakwa pa mlandu wachinyengo kapena wokhudza khalidwe loipa ndiye kuti sungayime. Chomalizachi chisunge m'mutu, tibwererako.

Tsopano zoona zake zowawa, poti sindikufuna ndikunamize. Lamulo la milandu ya upandu lili ndi magawo 153, 154, 156 ndi 137A amene amaletsa kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ndipo chilango chimafika zaka 14. Pa 28 June 2024 majaji atatu ku Blantyre, pa mlandu umene anakasuma Jan Willem Akster ndi Jana Gonani, ananena kuti magawo 153, 154 ndi 156 sakusemphana ndi malamulo aakulu a dziko ndipo wofuna kuti asinthe akagogode ku Nyumba ya Malamulo. Magawowa amakamba za mchitidwe, sakamba za mmene munthu amadzionera, ndipo kukhala non-binary si nkhani ya kuchipinda ayi, ndi nkhani ya mmene iwe umadzidziwira mu mtima mwako. Koma kabaza wa pa Nsungwi sasiyanitsa zimenezo, wapolisi wa pa kauntala nthawi zambiri sasiyanitsanso, ndipo mdani wako pa ndale adzachita dala kusasiyanitsa. Tonse tikukumbukira 2010 pamene Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza anagamulidwa zaka 14 atachita chinkhoswe ku Blantyre, mpaka Bingu wa Mutharika anawakhululukira atakumana ndi Ban Ki-moon, amene panthawiyo anali mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations. Ndiye munthu woyamba kumupeza mu timu yako si wopanga maposita ayi, ndi loya. Loya amene nambala yake uli nayo pamtima osati mu foni mokha, amene akudziwa kuti mlandu wongokupangira ukhoza kukuchotsa pa balati usanafike n'komwe pa tsiku lovota. Mabungwe ngati CEDEP, CHRR ndi Nyasa Rainbow Alliance akhala mu nkhani zimenezi kwa zaka zambiri, pita ukakhale nawo pansi uwafunse, safunsa anadya phula. Ndipo bungwe la boma loona za maufulu la MHRC lili konkuno ku Lilongwe, ndipo gawo 20 la malamulo aakulu a dziko loletsa tsankho limakuteteza iwenso monga nzika.

Kenako tulutsa chitupa chako cha unzika uchiyang'ane bwinobwino. A NRB, amene amapereka zitupazi, amalemba zinthu ziwiri zokha, M kapena F, ndipo lamulo la maukwati la 2015 linachita kunena kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi malinga ndi mmene anabadwira. Bokosi lachitatu kulibe. Chitupa chimenechi ndi chimene unalembetsera voti, ndi chimenenso a MEC, bungwe loyendetsa zisankho, adzayang'ane polandira zikalata zako, mpaka ndalama yolipira imatengera chilembo chimenecho. Mu 2019 mwamuna woyima pa uphungu ankalipira K500,000 pamene mkazi ankalipira K250,000, pofika 2025 amuna zinakwera kufika K2.5 miliyoni amayi theka lake, achinyamata ndi anzathu aulumali nawonso ankawachotserako. Ndiye pa fomu lemba zimene zili pa chitupa, ndendende, usasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Ndikudziwa kuti zimawawa kuchonga bokosi limene si iwe, ndakuonapo nkhope yako ukudzaza mafomu a ku banki, koma fomu ija ndi lumbiro, ukalemba zosiyana wawapatsa chifukwa chokukanira ndipo adzasangalala. Nkhondo ya bokosi lachitatu ukaimenyere mkati muja utapambana. Dzina nalonso chimodzimodzi, ngati anthu amakudziwa ndi dzina lina losiyana ndi la pa chitupa ndipo ukufuna limenelo lidzaoneke pa balati pambali pa chithunzi chako ndi chizindikiro chako, njira ya malamulo yosinthira dzina ilipo koma imayenda pang'onopang'ono, iyambe chaka chino osati 2030.

Apa pali chinthu chimodzi chimene chimandisangalatsa, chiyankhulo chathu chili mbali yako. Azungu amakangana usiku ndi usana za timawu tawo tosonyeza mwamuna kapena mkazi, ife tili ndi "iye" ndi "iwo" basi, agogo aamuna ndi iwo agogo aakazi ndi iwonso, "wabwera" sanena kuti wabwerayo wavala chani. Vuto limabwera pa maulemu, poti woyendetsa mwambo akagwira maiki amayamba ndi "bambo" kapena "mayi", ndipo pa mfunda mpamene zimaonekera kwambiri, aPhiri kapena aNaphiri, aBanda kapena aNabanda. Ndiye usadikire kuti akusankhire. Muuziretu woyendetsa mwambo mwambo usanayambe kuti anene chani, "a shado athu" zimakwana, "mtsogoleri wathu" zimakwana, ndipo ukapambana mawu oti "Olemekezeka" alibe mwamuna alibe mkazi. Gogo wa ku Mtandire akakutchula kuti "mwanawe" kapena akalakwitsa n'kunena "achimwene" pamene iwe sufuna, usamudzudzule pagulu, iyeyo sakukunyoza, mugwire dzanja umufunse za mwendo wake ukuwawawo. Sunga mphamvu zako za amene akunyoza mwadala, ndipo amenewo adzakhalapo ambiri.

Tikambe za maliro, poti amene sanapangepo kampeni amaganiza kuti mavoti amapezeka pa bwalo la Masintha ndi ma sipika akuluakulu. Ayi ndithu, mavoti a uphungu muno amapezeka pa siwa. Anthu a ku Kauma, ku Chinsapo, ku Mgona, ku Kawale, amakumbukira amene anagona nawo panja kukuzizira mu June, amene anabwera ndi thumba la ufa osachita kulengezetsa, amene anathamangira galimoto yokatenga thupi ku mochale ya ku Central. Ndipo pamaliro mpamene dziko lathu limagawa anthu pawiri moonekeratu, azibambo panja pa moto ndi pa mabenchi, azimayi m'nyumba pa mphasa ndi kuseri kophikira, aliyense amadziwa kokhala asanauzidwe. Iwe ukhala kuti? Funso limeneli uliyankhe uli kunyumba usanapite, poti ukafika n'kuima pakati pa bwalo ukusinkhasinkha maso onse adzakhala pa iwe osati pa anamfedwa, ndipo amenewo ndi manyazi amene banja lofedwa silidzaiwala. Malangizo anga ndi oti upeze ntchito yogwira. Munthu amene ali ndi ntchito pamaliro safunsidwa kuti wakhala mbali iti. Tenga kope uzilemba chipepeso, tunga madzi, thamangira nkhuni, khala amene akuyimba mafoni a thiransipoti yopita kumanda ku 18, nyamula mipando. Vala zaulemu zimene iwe uli nazo pa mtendere, zosakuwa, ndipo ukapepese anamfedwa mogwada monga aliyense amachitira. Ukachita zimenezi maliro makumi angapo pa zaka zinayi, anthu omwewo amene poyamba ankanong'onezana adzayamba kunena kuti "amene uja ndi wathu, pa zovuta sasowa". Palibe posita imene ingakugulire mawu amenewo. Koma chonde uzipita chifukwa ukumva chisoni ndi anthuwo, a kuno amazindikira msanga munthu wobwera kudzawerenga mavoti pa siwa.

Kwa amfumu ndi ma bulokulida upiteko wekha msanga mphekesera zisanakutsogolere, ndi munthu wamkulu wa m'deralo amene amakudziwa kuyambira uli mwana. Kwa a mipingo ndi a mizikiti kumavutirapo, tisabisane, mu July 2023 atsogoleri a zipembedzo anatsogolera zionetsero m'mizinda yathu kukana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha ndipo anthu anatuluka ambiri. Sudzawatembenuza onse, usayese n'komwe kukangana nawo za mavesi. Pita ukawalonjere, uwauze za ngalande imene imasefukira pa tchalitchi pawo, ena adzakutsekera chitseko ena adzakupatsa mpando, ndipo amene wakupatsa mpandoyo umusunge.

Chipani kapena kuyima pawekha? Ine ndikuti pawekha. Zisankho zachipulula m'zipani zathu zimadya ndalama ndipo mwini chipani akangoona kuti dzina lako likubweretsa phokoso adzakutaya usiku umodzi. Oyima paokha kuno amapambana zenizeni, mu 2014 analowa 52, mu 2019 analowa 55 pa mipando 193, ndipo pano madera anawonjezeka kufika 229 kutanthauza kuti ambiri anachepa kukula, ukhoza kuwayenda wapansi. Komanso pa uphungu palibe za 50+1 zija, zimenezo ndi za pulezidenti, apa amene wapeza mavoti ambiri kuposa anzake watenga, ngakhale atasiyana ndi voti imodzi. Pa mpando umene anthu khumi akulimbirana, sufunika kuti dera lonse likukonde.

Tsono ukaima kutsogolo kwa anthu ukanene chani? Apa mpamene omenyera maufulu ambiri amagwera. Azolowera kuyankhula mu ma wekishopu a ku hotela ndi mawu a m'malipoti, akafika pa msika wa Mchesi n'kuyamba zomwezo anthu amangopitiriza kusankha tomato. Mayi wa pa kiyosiki amene wadzuka 4 koloko n'kupeza mpopi wauma akufuna amve za madzi. Akufuna amve za mankhwala amene kulibe ku chipatala chaching'ono, za kolera amene anatipweteka mu 2022 ndi 2023, za Lingadzi akasefukira, za zinyalala zosatoledwa, za ana okhala pansi m'kalasi, za achinyamata a madigiri amene akuyendetsa kabaza. Uyambe ndi zimenezo, uzidziwe mpaka mitengo yake, ndowa ya madzi ikugulidwa zingati, minibasi kuchoka ku 25 kufika mu tauni ndi zingati sabata ino. Sindikunena kuti ubise chimene uli, ayi, chobisa chimasanduka chida cha adani ako ndipo adzachitulutsa kutatsala sabata imodzi. Konza yankho lalifupi la Chichewa chomveka, ulinene mofatsa nthawi iliyonse akakufunsa, monga "ine ndinabadwa chonchi, sindidzimva ngati mwamuna kapena mkazi, makolo anga mukuwadziwa, kwathu mukukudziwa, tsopano tiyeni tikambe za mlatho uja". Ziganizo ziwiri zitatu, kenako bwerera ku mlatho. Pa wailesi mtolankhani adzafuna mphindi makumi atatu zonse zithere pa thupi lako, usamulole, uli ndi ufulu wonena kuti funso limenelo ndayankha kale. Wina adzakuwa mawu achipongwe aja kumbuyo kwa gulu, iwe usamuyankhe, timu yako isamugwire, pitiriza chiganizo chako mpaka kumapeto.

Kunja kuli anthu amene anayenda njira imeneyi ndipo pali zoti uphunzirepo. Mauree Turner ku Oklahoma m'dziko la America, non-binary komanso Msilamu, anapambana mpando wa nyumba ya malamulo ya chigawo chimenecho mu 2020 atagwira kaye ntchito yomenyera kusintha kwa malamulo a ndende ndi makhothi, anthu ankamudziwa ndi ntchitoyo. Owen Hurcum anayamba ndi ukhansala asanakhale meya wa Bangor ku Wales mu 2021 ali ndi zaka 23. Maebe A. Girl ku Los Angeles anayambira mu khonsolo ya m'dera lake mu 2019, mu 2022 anafika pa chisankho chachikulu cha Congress, nyumba ya malamulo ya dziko la America, n'kugonja kwa Adam Schiff. Ndipo Georgina Beyer wa ku New Zealand, mkazi wa transgender (pobadwa analembedwa kuti ndi mwamuna) amene analowa palamenti mu 1999, anali atakhalapo kale meya wa katauni kakang'ono ka alimi ka Carterton. Waona chimene chikufanana? Onsewa anayambira pafupi, pa anthu owadziwa nkhope. Ndiye usanyoze ukhansala, kapena komiti ya sukulu, kapena komiti ya chitukuko ya m'dera lako. Ngati 2030 ifika usanakhalepo mu komiti ina iliyonse, ine ndidzakuuza mosabisa kuti yamba wayima pa wodi.

Ndalama. Kupatula ya MEC ija pali mafuta, matisheti, zitenje, maposita, chakudya cha timu, mayunitsi, ndipo kwacha mmene ikugweramu bajeti ya lero pofika 2030 idzakhala nthabwala. Yamba kusunga pano, tsegula buku lolemba tambala iliyonse yolowa ndi yotuluka. Kugawa ndalama kwa ovota lamulo la zipani la 2018 linaletsa, ena amachitabe ndipo zimawathera bwino, iwe sizidzakuthera bwino poti adzakhala akukusakira chifukwa. Chenjeranso ndi ndalama zochokera kunja, nyimbo yoti "watumidwa ndi azungu" anaikonza kale akungodikira dzina lako, ndiye K2,000 ya mayi wogulitsa mandasi imene yalembedwa m'buku ili ndi mphamvu kuposa madola amene sungathe kuwafotokoza pagulu.

Za chitetezo ndikupempha usazitenge mwachibwana. Usamayende wekha usiku, usamalengeze pa Facebook kumene uli nthawi yomweyo, ika zithunzi utachokapo. Pakhale nyumba ina yoti ukhoza kukagona zinthu zikavuta, ndipo alandilodi ako uwadziwe maganizo awo msanga poti ambiri amathamangitsidwa nyumba dzina likangotuluka pa wailesi. Foni ikhale ndi loko, zithunzi ndi mauthenga akale amene angapweteke anthu ena ufufute, poti ukayima sukuyika pa ngozi moyo wako wokha, anzako amene sanauze makolo awo nawonso anthu adzayamba kuwaloza chifukwa choyenda nawe. Uwafunse kaye mmodzimmodzi ngati akufuna kuoneka nawe pagulu, amene wakana usamukwiyire. Makolo ndi abale ako uwauze wekha asanamve kwa aneba. Gulupu ya WhatsApp ya timu ikhale ya anthu ochepa owadziwa bwino, muli ma sikirinishoti m'dziko muno. Okuopseza pa intaneti usawayankhe, jambula uthengawo usunge ndi deti lake, lamulo la 2016 la za pa intaneti limaletsa kuzunza munthu mwa njira imeneyo ndipo loya wako adzafuna umboni. Msonkhano uliwonse udziwitse a DC ndi apolisi mwa kalata nthawi ikadalipo, kope yodindidwa uyende nayo m'thumba. Pride yoyamba muno mu Lilongwe, ulendo wa pamsewu wa anthu ngati iwe wofuna maufulu awo, inachitika mu June 2021, anthu ochepa ambiri ataphimba nkhope, anayenda n'kukapereka chikalata chawo, ndiye usaganize kuti ukuyamba pa thengo losapitidwa, koma usaiwalenso chifukwa chimene anaphimbira nkhopezo. Ndipo upeze munthu mmodzi woti uzikalira naye, amene sakufuna udindo mu kampeni, poti masiku ena udzabwera kunyumba utatukwanidwa kuyambira mmawa.

Chomaliza ndi mamonita, ndipo ichi ndinachiphunzira mowawa. Kampeni ina imene ndinathandiza tinathera ndalama zonse pa msonkhano womaliza, tsiku lovota mamonita athu tinawatumiza opanda chakudya opanda tochi opanda mayunitsi, pofika 8 koloko usiku theka anali atapita kwawo ndi njala, mavoti akuwerengedwa popanda diso lathu, ndipo mmawa tinalibe pepala ngakhale limodzi losayinidwa loti tikadandaulire. Mpaka lero ndikaganiza mtima umandipweteka. Dziko lino linaona tipeksi mu 2019 mpaka khothi linafafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 February 2020, ndipo mlandu umene uja unayenda chifukwa panali mapepala a zotsatira oti majaji awaone. Ndiye ndalama ya mamonita uyiike padera tsiku loyamba, isakhudzidwe ngakhale zitavuta bwanji. Pa senta iliyonse pakhale anthu ako olembetsedwa ku MEC, odziwa kuwerenga, amene sachoka mpaka asayine ndi kujambula pepala la zotsatira. Kampeni yovomerezeka mu 2025 inali miyezi iwiri yokha, kuyambira 14 July mpaka kutatsala masiku awiri kuti tivote pa 16 September, masiku amenewo ndi ongokolola, kulima kwake ndi kuyambira pano.

Loweruka likubwerali komiti ya kiyosiki ya kwanuko ikukumana pa nkhani ya bilu ya madzi imene yawunjikana, ndamva kuti akusowa mlembi. Ndidzakupeza pa siteji 7 koloko, ubwere ndi kope ndi bolopeni, chitupa chija ubwere nachonso tione ngati sichinathe ntchito.